Mpando wofiira unkaidziwa bwanji galimoto yake?

Ndifunseko, poti kufunsa si mlandu. Makaniko akamakonza galimoto pansi pa mtengo wa mango, galimotoyo imakhala phee, iye ndiye amazungulira: apa watola sipanala, apo wagona chagada pa katoni. Ndiye ndinadabwa nditamva kuti ku Highland Park, kufupi ndi Detroit, mu 1913, a Henry Ford anazitembenuza. Anthu anaima, galimoto n'kumayenda, poyamba mochita kuikoka ndi chingwe. Akuti nzeruyo anaitapa kophera ng'ombe ku Chicago, komwe nyama yopachikidwa inkadutsa pamaso pa anthu, aliyense n'kudulapo pake. Ntchito yomanga tsinde la galimoto yawo ya Model T, yomwe inkadya maola oposa 12, inayamba kutha m'mphindi 93.

Nanga wina pamsana pakamuyabwa? Mzerewo unkamudikira? Ayi ndithu. Anthu ankasiya ntchitoyo mwaunyinji, mpaka mu Januwale 1914 malipiro anakwezedwa kufika pa madola 5 patsiku.

Koma za a Ford sizindizunguza mutu kwambiri. Kuyambira 1914 mpaka 1925 Model T inkatuluka yakuda yokhayokha, choncho chitseko chogwirizana nayo sichinkavuta kupeza. Chondisowetsa tulo ndi cha pambuyo pake, a General Motors, motsogozedwa ndi a Alfred Sloan, atazoloweretsa ogula kusankha. Pofika m'ma 1960 uyu akufuna yofiira ya zitseko ziwiri, uyo yobiriwira ya wailesi, winayo ya denga lopinda. Injini ikumangidwa kwina, thupi likupentedwa kwina, mipando ikusokedwa kwinanso. Mpando wofiira unkaidziwa bwanji galimoto yake? Unali ndi maso?

Ndinamva kuti chinsinsi chinali kapepala. Ofesi inkapatsa galimoto iliyonse nambala ya pamzere, ndipo makina a teletype ankasindikiza pepala lake m'zigawo zosiyanasiyana za fakitale galimotoyo isanafike. Papepalapo panali timabokosi ta zilembo ndi manambala: penti, injini, matayala, nsalu ya mipando. Wa mipando ankangoika mipandoyo pa lamba motsata manambalawo, wa matayala chimodzimodzi. Thupi linkatsitsidwa kuchokera m'mwamba n'kukhala pa tsinde lake lenileni. Ngati mmene matumba amandandalikidwira pa chigayo, kungoti apa palibe wolowerera chifukwa choti wa chigayo ndi mlamu wake.

Chabwino. Nanga ankasankha bwanji yoyamba ndi yachiwiri? Ine ndinkayesa kuti woyamba kuitanitsa ndiye woyamba kumangiridwa. Ayi, si choncho. Mzere ukamatulutsa magalimoto 60 pa ola, munthu amakhala ndi mphindi imodzi yokha pa galimoto iliyonse. Zikatsatana zitatu za denga lopinda, woika denga atsalira, azithamangira galimoto mpaka m'dera la mnzake. Ndiye ankazisakaniza: yovuta imodzi, zosavuta zingapo, kuti munthuyo apezeko mpweya. Pamenepo wopenta akufuna zofiira zonse zitsatane kuti asamangotsuka chopopera penti. Wina akuti sakanizani, wina akuti sonkhanitsani. Mlandu umenewu ankaweruza ndani m'mawa uliwonse? Ndipo penti ikachucha pa galimoto nambala 40, n'kuipatutsa kuti ikapentedwenso, mpando wake unkakhala pa lamba ngati mkwatibwi wothawidwa?

Mphindi imodziyonso inachepa. Ku Lordstown, Ohio, mzere wa Chevrolet Vega unafika pa magalimoto 100 pa ola, masekondi 36 pa galimoto. Mu 1972 ogwira ntchito ananyanyala. Ine ndi masekondi 36 sinditha n'kumanga komwe nsapato.

Timapepala tija ena ankatitsomeka m'masipuling'i a mpando kapena pansi pa kapeti. Lero okonda magalimoto akale amazula mpando wakumbuyo mtima uli phaa, n'kupeza kapepala kofiirira, kothetheka, kena kodyedwa ndi mbewa, n'kukasunga ngati chikalata cha malo, poti kamachitira umboni kuti galimotoyo inatuluka m'fakitale ndi injini iti. Anakaika pamenepoyo ankafuna kukasunga, kapena bini inali patali?