Mbewa ya Magetsi Yafika Kwathu ku Ntcheu

Pa nkhani ya mbewa ine sindiphunzitsidwa ndi mwana. Ndine Mngoni wa ku Ntcheu, ndinakula ndi kakhasu paphewa, ndipo ndikangoona una ndimadziwiratu ngati mwini wake ndi kapuku kapena mende, ngati ali momwemo kapena wapita kokayenda. Ndiye tsiku lomwe mdzukulu wanga wa zaka 6 anandiuza kuti kuli mbewa ina yomwe sindikuidziwa, ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Agogo, ndi yachikasu. Imatulutsa magetsi m'masaya."

Anaiona pa foni ya amalume ake omwe anabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi. Dzina lake akuti Pikachu. Ine makutu anga anamva "phika", ndipo ndinafunsa funso lomwe munthu aliyense woleredwa bwino akanafunsa: timaphika ndi mchere wokha kapena pamafunika tomato? Mwanayo analira ngati ndatukwana mayi ake. Mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lija lomwe limathetsa milandu isanafike kwa amfumu. Kuti mtendere ubwerere, ndinalonjeza kuti mbewayo ndiipeza. Pakamwa pa nkhalamba pamathamanga kuposa thumba lake.

Ndipo ndinaipezadi. Inali pamsika wa pa boma, pa mulu wa kaunjika, itagona chagada pakati pa sokosi zopanda anzake. Khutu limodzi linali lotafunidwa, kusonyeza kuti mwana wina wa kutsidya kwa nyanja anali ndi maganizo ofanana ndi anga. Ndinaitola ndi zala ziwiri, nkhope nditaikwinya kuti wogulitsa asaone kuti ndaifuna.

"K18,000, madala."

Ndinaibweza pamulu mwaulemu, monga momwe umabwezera mwana wa eni ake akakukodzera. Ndinati mwana wanga, ine ndafunsa mtengo wa mbewa, osati wa mbuzi. Iye, osaleka kutafuna chingamu, anangoti, "Dola, madala." Chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu amenewa asanduka moni. Wogulitsa nkhwani akuti dola. Wometa tsitsi akuti dola. Anyamata oimika mapani a mbewa m'mbali mwa msewu wa M1 nawonso akuti dola, ngati kuti mbewazo zimabwera pa sitima kudzera ku Beira. Koma iwowo ukawapatsa K18,000 amakusenzetsa ndiwo za sabata yonse, mbewa zenizeni, zamafuta, zouma bwino. Apa ndalama yomweyo inali ya mbewa imodzi yosadyeka, yolumala khutu.

Ndinapita kwa telala wa pakhonde la golosale. Anayang'ana chithunzi pa foni, n'kundifunsa ngati ndili ndi patani. Ndinati patani ya mbewa ili m'mutu mwanga, ndakhala ndikuisenda kuyambira nthawi ya Kamuzu. Anatchula mtengo wake, ndipo ndinazindikira kuti iye ndi wa kaunjika uja amapemphera mpingo umodzi. Ndinangogula singano ndi ulusi, n'kunena ndekha kuti ngati ndinatha kusoka thumba la feteleza ndi chingwe cha mlaza, kambewa sikangandikanike.

Vuto loyamba linali nsalu yachikasu. M'dziko muno aliyense amadziwa komwe nsalu yachikasu imachokera. Mayi a kunyumba ali ndi sutukesi pansi pa bedi yomwe ndi nyumba yosungiramo mbiri ya zisankho zonse kuyambira 1994: zitenje zachikasu, zabuluu, zalalanje, zofiira, zonse zopindidwa bwino, chifukwa iwo amati nsalu ilibe chipani, chipani ndiye chili ndi nsalu. Ndinatengako chachikasu cha mu 1999. Masaya a mbewayi ndi ofiira, ndiye ndinadula timagawo tiwiri pa chitenje cha chipani china. Nsonga za makutu n'zakuda. Pamenepo inathandiza ambulera yakale. Maso ndinachotsa mabatani awiri pa jekete langa la ku tchalitchi, lomwe tsopano ndimavala chotsegula ngati woimba. Pomwe ndimamaliza kudula, patebulo panali mgwirizano wa zipani woposa uliwonse womwe dziko lino linauonapo, ndipo unali usanayambe kukangana.

Amalume a mwanayo, pondiona ndikulimbana ndi sizasi yobuntha, anayamba kundiphunzitsa mbiri ya mbewayi. Akuti inabadwira ku Japan mu 1996, m'masewero otchedwa Pokémon a pa kamakina kogwira m'manja ka Nintendo kotchedwa Game Boy. Amene anayambitsa zonsezi, Satoshi Tajiri, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'tchire. Apa ndinaika sizasi pansi. Kugwira tizilombo? Ine ndagwira ngumbi, ziwala, mafulufute, nkhululu, zaka zoposa 50, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti muli chuma. Mnzangayo tizilombo take anatisunga, n'kutipatsa mayina, lero tapitirira 1,000 ndipo dziko lonse likutigula. Ine tanga ndinakazinga. Kusiyana kwa Japan ndi Ntcheu kwagona pa chiwaya.

Akutinso mu 2016 kunabwera Pokémon Go, pomwe anthu akuluakulu a ndevu zawo ankayendayenda m'misewu ya New York ndi London, foni m'manja, kusaka nyama zosaoneka. Kwathu kuno munthu wosaka nyama zosaoneka timamumanga kaye miyendo kenaka n'kuitana abale ake. Ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti mayi amene anajambula Pikachu, Atsuko Nishida, anadzaulula kuti pojambula masayawo ankaganizira za gologolo. Ndiye kuti mbewa ya K18,000 ija ngakhale umbewa wake ndi wokayikitsa.

Kusoka ndinayamba usiku, poopa kuti anzanga a pa bawo angandione. Muyenera kudziwa za nyumba yanga. Ili ndi mawaya m'makoma. Ili ndi maswitchi anayi. Pabalaza pali babu lomwe ndinagula ndi ndalama za mbatatesi, ndipo mayi a kunyumba amalipukuta Loweruka lililonse. Chosowa ndi chimodzi chokha, magetsi. Fomu ndinalemba, ndalama ndinapereka, lisiti ndinaliika m'Baibulo pa buku la Yobu. Mawaya akuluakulu amadutsa pamwamba pa munda wanga akulira ngati njuchi, kupita kwa anthu ena. Ubwino wake ulipo: pomwe namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse n'kumadandaula za kuzimazima, ine ndinali m'gulu la anthu omwe sanakhudzidwe ngakhale pang'ono. Kwathu magetsi sanazimepo chiyambire.

Choncho mbewa ya magetsi inasokedwa pa kuwala kwa koloboyi. Kulowetsa ulusi pa singano kokha kunanditengera nthawi yokwana kuphika nyemba. Ndinanyambita ulusi, ndinatsinzina diso limodzi, ndinatsinzina linalo, ndinaitana mizimu ya makolo, mpaka mayi a kunyumba anadzuka, n'kulowetsa kamodzi kokha osayang'ana n'komwe, n'kubwerera kukagona osanena kanthu. Kukhala chete kwawo kunandibaya kuposa singano, ngakhale singanoyo inayesetsa: chala changa chamkombaphala chinasanduka sefa.

Telala uja anali atandiponyera nzeru imodzi yaulere, yoti chidole umasoka kunja kuli mkati, n'kusiya kampata kakang'ono, kenaka n'kutembenuza kuti misoko ibisike. Zoona ndithu. Chomwe sanandiuze n'chakuti makutu uyenera kuwagoneka mkati posokapo kuti ukatembenuza atulukire kunja. Ine ndinawaimika bwinobwino kunja, monga Mulungu anaikira makutu a mbewa iliyonse. Nditatembenuza, makutu onse awiri anapezeka m'mimba. Ndinakhala ndikuyang'ana chinthu chozungulira chopanda makutu, chomwe chimangomva zonena za mimba yake yokha, ndipo ndinaganiza zochisiya choncho n'kuchiimika pa chisankho chikubwerachi. Nsalu chinali nayo kale.

Ndinaphwasula, n'kuyambiranso. Usiku wachitatu mbewa inali ndi makutu kunja, limodzi loloza ku Dedza, lina ku Balaka. Manja awiri ogwirana a pa chitenje chachikasu chija anagwera pamimba penipeni, moti imaoneka ngati yadya chinthu chomwe ikupepesa nacho. Mchira wake umayenera kukhala wokhotakhota ngati mphezi, ndiye ndinadula katoni ya sopo n'kuikuta ndi nsalu. Mchira umenewu ndi womwe unandibweretsera mlendo. Aneba anga, atasuzumira pawindo n'kuona bambo wa imvi akusoka kachidole usiku, kamchira ka mphezi, m'nyengo ya mvula, m'mawa mwake anabwera kudzandibwezera nkhwangwa yomwe anabwereka zaka zitatu zapitazo. Anawonjezapo ndi nkhuku. Sindinawafotokozere msanga.

Kunatsala zoika mkati. Zidole za eni ake amaikamo thonje. Thonje limalimidwa m'boma lathu lomwe lino, kumunsi ku chigwa cha Bwanje, koma pitani mukalifune lodzaza manja awiri muone. Limakwera malole n'kupita, ndipo likamadzabwerera limakhala litasanduka malaya omwe wina wavala kale n'kutopa nawo. La m'sitolo ya mankhwala, lija lopukutira zilonda, mtengo wake unali wa dola. Ndinayang'ana pilo, mayi a kunyumba anayang'ana ine. Ndiye ndinapita kuseri kwa nyumba n'kutapa gaga wa nkhumba. Gaga ndi wofewa, ndi waulere, ndipo amadzaza bwino. Ndinathira ndi supuni, kutsendera ndi chala, n'kutseka kampata kaja. Ndinadziona ngati injiniya.

Chomwe chinatuluka, kunena mosabisa, chinali mbatatesi ya ku Tsangano yomera makutu. Koma mwanayo atachiona anakuwa, n'kuchikumbatira, n'kuthamanga nacho mudzi wonse. Ana anzake anamuzungulira ngati wabwera ndi ndege. Ine ndinakhala pakhonde, jekete chotsegula, kudikira kuti wina andifunse patani.

Madzulo ake ndi pomwe ndinamvetsa nkhani yonse. Kutada, mwanayo anakwera pampando, n'kuika mbewa yake patebulo pansi penipeni pa babu lija. Anatsegula kope lake la sukulu. Kenaka anafinya masaya ofiira aja ndi zala ziwiri, n'kuyang'ana kudenga. Anafinyanso. Anadikira.

"Agogo, mwina sinazolowere. Mawa iyatsa."

Sindinaseke. Mwana ameneyu sankafuna chidole. Wakhala zaka zake zonse 6 pansi pa babu lomwe sanalionepo likuyaka, akumva akuluakulu akunena kuti mwezi wamawa, chaka chamawa, chikatha chisankho, ndipo pa onse omwe anamulonjeza kuwala anasankha kukhulupirira mbewa. Ndipo ndikaika pa sikelo, mwanayo sanalakwe masamu: mbewayo inali isanamunamizepo. Zitenje zonse za m'sutukesi muja zinabwera ndi lonjezo la magetsi, chilichonse ndi mtundu wake, ndipo mpaka lero ana a m'midzi yomwe mawaya amadutsa pamwamba pake akulemba homuweki utsi wa palafini uli m'maso. Amene amakhala m'maofesi ozizira n'kumasuntha mafomu athu kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo adzabwere adzamuuze okha mwanayu chifukwa chake, ine mawu andithera.

Anagona nayo pamphasa. Apa ndiye pomwe uinjiniya wanga unayesedwa. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva phokoso ngati msonkhano wa mpingo wogawanika. Ndinayatsa machesi. Makoswe a m'nyumba mwanga, omwe zaka zonsezi akhala akudya zotsala, anali atamva fungo la gaga. Anaikokera pakona mbewa ya ku Japan ija, n'kuiboola pamimba, pa manja ogwirana paja, ndipo ankadya mwadongosolo, akulu kutsogolo. Ine amene ndadya mbewa moyo wanga wonse ndinaima ndi kabudula wamkati, kuonerera mbewa ikudyedwa ndi abale ake. Mgwirizano wa zipani uja unatha monga amathera yonse, pa nkhani ya zodya.

Kunatsala chikopa, makutu, mchira ndi batani limodzi. Linalo khoswe wina anapita nalo, ndipo ndikukhulupirira kuti Lamulungu amavala bwino kuposa ine.

Mayi a kunyumba ndi amene anapulumutsa zinthu mwanayo asanadzuke. Anakutumula gaga wotsala, n'kuikamo nsanza zodulidwa tizidutswa, monga akanachitira munthu aliyense wanzeru kuyambira pachiyambi. Kenaka anatenga katochi kanga kakang'ono, kaja ndimapita nako kuchimbudzi usiku, n'kukalowetsa m'mutu mwa mbewayo, batani lake n'kuliika kuseri kwa tsaya lakumanja. Anasoka msoko woongoka ngati msewu wa Tsangano womwe tinalonjezedwa. Diso losowa analowetsapo batani la malaya anga ena.

Mwanayo atafinya tsaya, mutu wonse unawala chikasu. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Anangoti, "Ndinakuuzani, agogo," n'kutsegula kope.

Tsopano kuchimbudzi ndimapita mopapasa, ndipo mabatire awiri akutha masiku anayi alionse. Wa golosale akuti dola. Dzulo aneba aja anabweranso, chipewa m'manja, foni ili kudzanja linalo, kudzafunsa mwaulemu ngati mbewayo imatchajanso.