A Sheni ndi a Sawu

M'maboma a Tsangano ndi Macanga ku Mozambique muli mafuko awiri amene a kalembera sanawawerengepo. Achewa ndi Angoni mumawadziwa ndi mfunda, koma awa mumawadziwa ndi mchira wa mawu awo. Fuko loyamba ndi la a Sheni, anthu amene satseka pakamwa asanatulutse mawu a Chingerezi othera ndi zilembo t, i, o, n. Lachiwiri ndi la a Sawu, amene mawu awo a Chipwitikizi amathera ndi ç, ã, o, ndipo amawatulutsira m'mphuno.

A Sawu ndi akalekale, poti Chipwitikizi chidali cha boma nthawi ya atsamunda ndipo chidakhalabe cha boma titalandira ufulu pa 25 Juni 1975. A Sheni adachuluka ndi nkhondo yapachiweniweni. Nkhondoyo isanathe ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo kwa ena a ku Tsangano kuthawako kudali kungooloka msewu wa M1, umene pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire. Ana ena adalowa sukulu za kumeneko, nabwerera ndi Chingerezi m'thumba. Mozambique italowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, a Sheni adayamba kuyenda ngati boma lawapepesa.

Chimene mafukowa safuna kumva n'chakuti ndi pachibale. Michira yonse iwiri idachokera ku Chilatini cha Aroma. Chipwitikizi chidabadwa nawo, pomwe Chingerezi chidautola kwambiri kudzera ku Chifalansa, Anormani atalanda England mu 1066. N'chifukwa chake nation ndi nação, education ndi educação, information ndi informação amafanana nkhope. Koma yesani kuwauza zimenezi pamsonkhano.

Pamudzi wina kufupi ndi Furancungo mjigo udawonongeka, amayi nabwerera kukatunga kudambo. Anyakwawa adaitanitsa msonkhano. Woyamba kuimirira adali mkulu wa a Sheni, wa jekete ndi zolembera zitatu m'thumba, ngakhale palibe adamuonapo akulemba.

"Anyakwawa, amayi ndi abambo, vuto lathu si mjigo ayi. Vuto ndi sensitization. Tisanafike pa implementation pafunika consultation, kenako mobilization, ndipo tisaiwale contribution."

Mkulu wa a Sawu adakhosomola, nakonza chipewa. "Pepani achimwene, mwalumpha. Timayamba ndi planificação, kenako sensibilização. Tikatero ndiye tikambe za reabilitação."

Anthu adaomba m'manja kawiri konse, poti mawu amene sunawamve suwatsutsa.

Kwa amene simudapite patali ndi sukulu, matanthauzo ake ndi awa, monga momwe amagwirira ntchito kwathu kuno. Sensitization ndi kuuza amayi kuti mjigo wawonongeka, chonsecho amayiwo ndiwo adabwera kudzakuuzani. Consultation ndi kufunsa anthu maganizo pa zimene mudapangana kale usiku kubaraka. Mobilization ndi kuitana anthu amene akhala kale pansi patsogolo panu. Planificação ndi kusankha tsiku la msonkhano wina. Implementation ndi kugwira ntchito, ndipo mawu amenewa amatchulidwa mwaulemu, monga timatchulira malemu. Contribution ndi "sonkhani". Awa okha aliyense amawamva popanda womasulira, ndipo akangomveka abambo amayamba kufufuza china chake pansi. Palinso procrastination, amene a Sheni amanenera anzawo okha. Zilembo zake ndi 15, koma m'Chichewa ndi zinayi basi: mawa.

Musaganize kuti akuluakuluwa amathawa Chichewa chifukwa chosachidziwa. Kunyumba, akamakangana ndi amayi za ndalama ya fodya, amachilankhula mpaka miyambi. Amachithawa pagulu chifukwa Chichewa chimamanga munthu. Ukati "ndikonza Lachitatu", mawuwo anena kale wokonza ndi tsiku lake, ndipo Lachinayi m'mawa amayi ali pakhomo pako ndi zidebe. Koma rehabilitation alibe mwini. Sanena wokonza, sanena tsiku, sanena wogula chitsulo. Munthu angathe kuwanena zaka zisanu osagwidwa bodza.

Amene saopa mawu ataliatali ndi amayi ogulitsa kachewere pa Tsangano Turn-off ndi pa Lizulu. Wa a Sheni amafika pamulu, n'kuyamba: "Mayi, ndi inflation imeneyi komanso devaluation ya kwacha, tiyeni tichite negotiation." Mayiwo, amene amasintha makwacha kukhala metikali m'mutu mofulumira kuposa foni, amangoti: "Bambo, ndowa ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo. Mukutenga kapena mukunditchingira makasitomala?"

Fuko lililonse lili ndi chinsinsi cholankhulira chinenero cha linzake: kudula mchira uwu n'kumatapo winawo. Nthawi zambiri zimayenda. Koma mkulu wa a Sawu atagwidwa ndi chimfine cha chisanu cha mu Juni, adaolokera ku Ntcheu kudzera pa Biriwiri kukagula mankhwala. Chimfine m'Chipwitikizi chakwathu ndi constipação. Kunena kuti "chimfine" adakuona kuchepa kwa munthu wa chipewa, choncho adadula mchira, nauza wogulitsa kuti akuvutika ndi constipation. Tsoka ilo, m'Chingerezi amenewo ndi kudzimbidwa. Adampatsa mankhwala otsegula m'mimba, ndipo iye adamwera pomwepo. Amene adakwera naye minibasi pobwerera amasimba kuti munthu woopa kuyetsemula ngati ameneyo sadamuonepo. Atafika adalengeza kuti ulendowo udali decepção, kutanthauza kugwiritsidwa mwala. A Sheni adamva deception, chinyengo, ndipo adatsala pang'ono kulemba kalata yodandaula.

Msonkhano wachitatu wa mjigo ndiwo udafikitsa zinthu pachimake. Mkulu wa a Sheni adakoka mpweya, natseka maso.

"Zimene akuchita achimwenewa ndi floccinaucinihilipilification!"

Ngakhale mbuzi zidasiya kudya. Koma wa a Sawu adabwera atakonzeka.

"Ndipo inu mwalankhula anticonstitucionalissimamente!"

"Amenewo alibe mchira!"

"Mchira n'chiyani? Werengani zilembo!"

Adaitana aphunzitsi, amene adalemba mawu onse awiri padothi ndi kamtengo n'kuwerenga kawiri, ana asukulu akuwathandiza. A Chingerezi zilembo 29. A Chipwitikizi zilembo 29. Palibe wopambana. Anyakwawa adapuma mpweya wautali, poti mlandu wotere sakadadziwa mbuzi alipitse ndani.

Pamenepo agogo ena aakazi, amene adakhala phee misonkhano yonse, adatukula ndodo.

"Aphunzitsi, mwana wanga, tatiuzeni. Awa a m'mphunowa akuti chiyani?"

"Akuti, agogo, kuchita chinthu motsutsana kotheratu ndi malamulo aakulu a dziko."

"Mjigo uli m'malamulo aakulu a dziko?"

"Ayi, agogo."

"Nanga enawa?"

"Amenewo adawalumikiza kuchokera ku timawu tinayi ta Chilatini, tonse tonena kanthu kachabechabe. Tanthauzo lake ndi kuchiyesa chinthu chopanda pake."

"Ohoo," adatero agogo. "Ndiye bambowa atchula zimene ine ndakhala ndikuchita ndi misonkhano yanuyi. Tiyeni, amayi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

Madzulo omwewo amayi adasonkha, wina metikali, wina makwacha, wina mbale ya nyemba. M'mawa mwake mnyamata adakwera njinga yamoto kukatenga wokonza mijigo ku Furancungo. Adatsegula, napeza kuti chidatha ndi kalabala kam'kati. Dzuwa lisanapendeke madzi adali akutuluka, popanda sensitization kapena sensibilização.

Nkhani itawafika, akuluakulu aja adakumana mwachangu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mudzi adagwirizana chimodzi. Wina adati inauguration, wina adati inauguração, ndipo onse adaona kuti mawuwo ndi amodzi. Tanthauzo lake ndi kudya mbuzi pa ntchito imene adagwira ena. Adakhala pampando wakutsogolo mapewa atagundana, aliyense atagwira mbali yake ya sizasi. Polankhula adathokoza boma, anyakwawa, aphunzitsi ndi mzimu wa collaboration, amene wa a Sawu adavomera kuti ndi colaboração. Amayi sadatchulidwe, koma sadamvenso, poti adali kuseri akusenda kachewere wa alendo.

Msonkhano wa evaluation, kapena kuti avaliação, uchitika mwezi wamawa. Mwapemphedwa kubwera ndi contribution.