Loko ya Lamba ya 1974, Mlonda Wosayang'ana Nkhope

Loko ya lamba ndi chipangizo chimene boma la United States linalamula kuti chiikidwe m'galimoto zatsopano za 1974. Ntchito yake inali imodzi, ndipo inkaigwira mokhulupirika kuposa wapolisi wa pamsewu aliyense: injini sinkalira mpaka dalaivala ndi wokhala naye kutsogolo atamanga malamba.

Inabadwa pa mkangano. Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, linkakakamira ma airbag (matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi), pamene makampani opanga galimoto, makamaka Ford, ankati ndi odula komanso sanayesedwe mokwanira. Loko ndi imene inawayanjanitsa, ndipo mtolo wonse unagwera mwini galimoto, amene sanafunsidwe.

Nzeru zake zinali mu mpando, mmene munali kachipangizo komva kulemera. Ukulu wa loko unaonekera apa, pakuti sinkasankha. Bwana wa kampani, galu, thumba la zogula za kusitolo, onsewa kwa iyo anali miyoyo yofunika kuiteteza, moti mayi wochokera kogula zinthu ankayamba wamangira lamba katundu wake kuti galimoto ilire. Palibenso lamulo lina limene linapatsapo thumba la mbatata ulemu wotere. Inkasunganso mwambo: kukhala pansi choyamba, kumanga lamba kachiwiri, kiyi pomaliza. Wochenjera womangiratu lamba asanakhale ankangomva belu likulira, injini ili zii. Ngakhale wongosuntha galimoto kuchoka pageti kulowetsa m'galaja ankamanga ngati akupita ku California. Ikanyanyala popanda chifukwa, zimene zinkachitika ndithu, dalaivala ankatsika, n'kutsegula boneti, n'kudina kabatani kopempha chikhululukiro.

Pa zamaphunziro inathandiza kwambiri. Anthu amene anali asanagwirepo sipanala anaphunzira kufufuza waya pansi pa mpando ndi kumuzula, ndipo amakaniko anapezapo ya ndiwo.

Chozizwitsa chake chachikulu chinachitikira ku Washington. M'chaka chimene dzikolo linagawanika pa mkangano wa ndale wa Watergate, aphungu a Congress a zipani zonse ziwiri, atatopa ndi makalata aukali ochokera kwa owavotera, anagwirizana chimodzi. Mu October 1974 anakhazikitsa lamulo loletsa boma kukakamiza loko imeneyi, ndipo analamula kuti belu lokumbutsa lamba lisamalire kupitirira masekondi 8. Inali itagwira ntchito chaka chimodzi ndi miyezi yochepa chabe.

Inasiya mbumba. Kabelu kamene kamalira m'galimoto zochokera ku Japan zodzaza m'misewu ya Blantyre ndi Lusaka ndi mdzukulu wake, ngakhale ndi wofatsa, wongodandaula osaletsa ulendo, ndipo madalaivala ena amamutontholetsa pomanga lamba kumbuyo kwa msana. Ku United States komweko, ntchito imene loko inachotsedwapo inaperekedwa kwa apolisi kuyambira 1984, pamene New York inakhala dera loyamba kulamula kuti oyenda pa galimoto azimanga lamba, wokana alipire chindapusa.