Kuganiza Mozama ndi Zimene Kumamuchita Mphunzitsi

Kuganiza mozama ndi luso losameza nkhani ngati thobwa, koma kuyamba waitafuna. Lusoli limayima pa mafunso atatu: wanena ndani, umboni uli kuti, nanga wopindula ndani. Kholo lake ndi Socrates wa ku Athens, yemwe ankaphunzitsa achinyamata powapanikiza ndi mafunso m'malo mowapatsa mayankho. Akuluakulu a mzindawo anamuthokoza m'chaka cha 399 BC pomumwetsa chiphe, mwavi wakwawoko. Mbali imeneyi aphunzitsi sauzidwa msanga.

Kuno kwathu, sukulu zapulayimale zitakhala zaulere mu 1994, ana anasefukira mpaka ena kukaphunzirira pansi pa mitengo. Pa chinamtindi chotere njira yosavuta ndi kuloweza: mphunzitsi afunsa kuti "Mwamva?", ana onse ayankha "Eee!", nkhani yatha. Koma silabasi yochokera ku Domasi imafuna kuti ana azikambirana m'magulu, azifunsa, azitsutsa ndi zifukwa.

Mlembi wa danga lino, mphunzitsi wa Sitandade 7, anayesa zimenezi. Analemba pa bolodi mwambi uja wakuti safunsa anadya phula, n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo pasakhale mwana wovomera chinthu popanda umboni. Kenaka anaphunzitsa kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa. Kamtsikana ka kumbuyo kanakweza dzanja.

"Aphunzitsi, umboni uli kuti? Ife timaona dzuwa likuyenda."

"Zili m'buku."

"Nanga wolemba bukuyo anakaimirira pati kuti aone?"

Mphunzitsiyo anapukuta bolodi lomwe linali loyera kale, n'kulengeza kuti funsolo ndi ntchito yokachitira kunyumba. Ndi mmene amachitira aphunzitsi ambiri akapanikizika, ndipo njirayi siilembedwa m'silabasi. Limenelo ndilo vuto loyamba.

Vuto lachiwiri n'lakuti lusoli silitsala kusukulu. Madzulo ake, mwana wachisamba wa mphunzitsiyu, yemwe ali m'kalasi lomwelo, anafunsa chifukwa chake nthutumba ya nkhuku imapita m'mbale ya bambo nthawi zonse. Yankho lakuti ndi mwambo linagwa pa funso lachitatu lija: wopindula ndani? Mayi a m'nyumbamo anatsokomola kukhitchini, chifuwa alibe.

Chachitatu, kuphunzitsa luso sikutanthauza kukhala nalo. Mwezi womwewo mphunzitsiyu analandira uthenga pafoni wakuti wapambana mphoto pa mpikisano, ndipo angotumiza kandalama kotsegulira. Sanafunse kuti wanena ndani. Sanakumbukire n'komwe kuti mpikisanowo sanalowe nawo. Anatumiza ndalama ya ndiwo, foni ya mbali inayo n'kuzima. Amene anamufotokozera mwadongosolo pamene panalakwika ndi mwana wake wachisamba uja, pogwiritsa ntchito mafunso atatu aja, limodzilimodzi, mayi ake akumvetsera.

Kalasilo likupitirirabe kufunsa, ndipo pa mayeso likukhoza bwino. Nthutumba masiku ano imadulidwa panayi.