Walira Weber, walira zigubu

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Iwo ankaganiza za kumunda, osadziwa kuti mwambi wawo udzapeza malo pansi pa boneti ya Nissan 1400.

Oyenda mumsewu wa M5 pakati pa Dwangwa ndi Ngala akudziwa mtundu wa galimoto ndikunenawu: kapikapu konyamula madengu a usipa, matumba a chinangwa, ndi anthu okhala pamwamba pa zonsezo atagwirana malaya. Ku Rosslyn, m'dziko la South Africa, anasiya kukapanga mu 2008, koma uthenga wa maliro ake kuno sunafike. Injini yake ya A14 ilibe kompyuta. Wosakaniza petulo ndi mpweya ndi kabuleta basi, ndipo kakatsokomola kagalimotoka, mlandu wonse umagwera iyeyo.

Ndiye mwini wake amadandaula kuti galimoto yafooka, ikangoona kamtunda ikuchita manyazi. Alamu ake a ku Joni, pofuna kuonetsa kuti kumeneko sakugona, amatumiza kabuleta ya Weber 32/36 yonyezimira. Ili ndi makomo awiri, ndipo ndi aakulu kuposa a kabuleta yakale ya Hitachi imene inali pa galimotoyo: la mamilimita 32 limagwira ntchito nthawi zonse, la 36 limatseguka pokhapokha phazi likazama. Mvula ija yagwa, anthu akuwomba m'manja.

Matope amayambira pomanga. Mabowo a mabawuti sakumana, pakufunika chitsulo cholumikizira. Waya wa faya sukufika. Chosefera mpweya chakale chikukana kukhalapo. Amakaniko a pansi pa mtengo wa mango sagonja: amadula gasiketi pa katoni ya sopo, kugogoda m'mbali ndi sipanala mpaka mabowo aonekere, kenaka n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndiye yolimba kuposa ya kusitolo." Pakatsala kampata, mpweya umalowa mozemba, injini n'kumalira yokha popanda woiponda.

Injini ya petulo imafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera. Koma Weber yamtunduwu inkamangidwa pa injini zikuluzikulu monga za malita awiri za Ford Cortina, ndipo ikabwera ndi majeti a kumeneko n'kuikidwa pa kainjini ka malita 1.4, zimakhala ngati kumwetsa khanda thobwa pa ndowa. Utsi wakuda kumbuyo, mapulagi mwaye wokhawokha, usipa wofika kumsika utanunkha garaja.

Oikira kumbuyo Weber amati ukamaponda mofatsa khomo lachiwiri silitseguka, mafuta satha. Zoona ndithu. Koma ndani analira Weber kuti aziponda mofatsa? Munthu akangomva kubangula kuja kamodzi, phazi silimveranso mutu. Petulo akasowa pa filing'i, mwini galimoto amapezeka kugombe akulimbirana chigubu ndi asodzi, amene mainjini awo a Yamaha nawonso sayendera madzi a m'nyanja ngakhale amakhala momwemo.

Pali china chimene alamu a ku Joni sanauzidwe. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wina amapangidwa pa Dwangwa pomwepa kuchokera ku zotsalira za shuga kuyambira 1982. Ethanol amakoka chinyezi, komanso amatsuka dzimbiri ndi litsiro zimene zagona m'thanki zaka makumi. Onjezani mchenga wa m'zigubu. Zonsezo zimathera pa kabowo ka jeti kochepa ngati ka singano, ndipo kabowoko sikafunsa ngati kali mu Weber kapena mu Hitachi. Pakatha masabata angapo, chifuwa chija chabwerera. Wodwala anali thanki ndi kafyuluta kotchipa. Kabuleta inangosenza mlandu.

Nanga Hitachi yakale ija? Amakaniko anaipempha mwaulemu, amvekere, "Isiyeni pano bwana, ndikutayirani." Anaiviika m'petulo, kupemerera majeti ndi pakamwa, kusintha kasingano kotseka mafuta. Pano ili pa pikapu ya munthu wina, ndipo m'mawa uliwonse imadutsa ya Weber ija itaima m'mbali mwa msewu, boneti yotsegula, okwera akufunsa ngati abwezeredwa ndalama zawo.