Ukwati wopanda ankhoswe

Mwezi wa Epulo ukangolowa, makolo a ku America amene ana awo ali mu giredi 11 ndi 12 amayamba kuyenda akuyankhula okha. Abale athu amene anadzazana ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, nawonso nthendayi siwasiya. Dzina lake ndi prom, dansi ya usiku umodzi imene masukulu a sekondale amakonza chaka cha maphunziro chikamapita kumapeto.

Zimayamba ndi kufunsira. Mnyamata sangangonena kuti tiye tikavine ayi. Ayenera kulemba chikwangwani, agule maluwa ndi zibaluni, anzake ajambule pa foni mpaka Instagram yonse ichitire umboni. Mtsikana akavomera, matumba amene amabooka ndi a bambo ake.

Mlandu woyamba ndi diresi. Atsikana amatsegula gulu pa intaneti kuti aliyense aonetseretu lake, kuopa kuti awiri angafanane. Mayi amene anakula akuona mtundu wonse ukusoketsa nsalu imodzi pa mwambo, akangofunsa kuti, “Kodi kufanana n'kulakwa?” mwana amatseka chitseko cha kuchipinda mpaka mawindo kunjenjemera. Mnyamata naye amabwereka suti, ndipo tayi yake iyenera kugwirizana mtundu ndi diresilo. Kenako tsitsi, zikhadabo, nsapato zosayendeka nazo, tikiti, chakudya cha kulesitilanti, ndi duwa lomanga padzanja lotchedwa corsage, limene limagona m'firiji pambali pa nyemba za dzulo.

Tsikulo likafika, kholo limapatsidwa ntchito zitatu: kulipira, kujambula ndi kukhala chete. Bambo amene wachoka kushifiti yausiku amakhala atakonzekera mafunso ake bwinobwino: kwanu n'kuti, ndiwe mwana wa yani, mumapemphera mpingo wanji. Mnyamata amalowa manja ali m'thumba, amvekere “Hi”, n'kutchula bamboyo dzina loyamba. Bambo asanatsegule pakamwa, mwana wawo amawanong'oneza: “Adadi, chonde musandichititse manyazi.” Mafunso onse amamezedwa ndi malovu.

Kupaki kumene amakajambulitsa n'kumene mumazindikira kuti mpikisano weniweni ndi wa makolo. Mayi aliyense amayamikira diresi la mwana wa mnzake mokweza, maso akuwerengera mtengo wake. Galimoto ya limousine imene anawo anasonkherana ikafika, abambo amaizungulira manja ali kumbuyo, aliyense akufotokoza kuti imamwa mafuta moipa, chikhalirecho onse akufuna chithunzi atatsamira chitseko.

Ana akanyamuka, tulo timanyamuka nawo. Ku America mwana wa zaka 16 kapena 17 amaloledwa kuyendetsa galimoto, pamene mowa lamulo limati mpaka zaka 21, ndipo kholo lililonse limadziwa kuti usiku umenewu lamulo limakhala ndi ntchito yambiri. N'chifukwa chake masukulu ambiri amakonza phwando lina lopanda mowa loti anawo acheze mpaka mbandakucha, alonda ake makolo omwewo. Otsala kunyumba amangoyang'ana kadontho ka pa foni kosonyeza pamene mwana ali, kakaima malo amodzi mtima phaphapha.

Koma chimake cha nkhani chimachokera kumudzi. Nyengo imeneyi ku Malawi kumakhala kutatsogola ndi maola 6, choncho pamene dansi ikutha, agogo amakhala atadzuka kale ndipo aona zithunzi pa WhatsApp. Foni imalira.

“Mwana wakwatiwa ife osadziwa? Ankhoswe ndani? Amalume ake munawauza?”

“Si ukwati amayi, ndi dansi ya kusukulu.”

“Nanga perekaniperekani mwapeza zingati?”

“Kulibe zimenezo kuno.”

“Ndiye mnyamatayo abwera liti kudzaonekera?”

“Sali pachibwenzi, ndi mnzake wa m'kalasi chabe.”

Foni imakhala zii kwa kanthawi. Kenako agogo amagamula kuti kunjako kwakupengetsani, koma diresilo mulitumize, msuweni wake ali ndi chinkhoswe mu Ogasiti.

Agogowo sanalakwe. Prom ili ndi zonse zimene ukwati umadya, kupatula mbale yoponyamo ndalama. Inu amene mwana wanu ali mu giredi 10, lowani chipereganyu lero lomwe, Epulo sachedwa.