Kalata ya ku Joni: Besi ya Kwaya Isanabooledwe

Okondedwa achimwene,

Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, kungoti chisanu cha June chavuta moti ngakhale ife a pa Lizulu, amene timanyada kuti kuzizira tinabadwa nako, tikugona titavala masokosi.

Uthenga wa komiti ya kwaya wandipeza. Mwati mukufuna gitala ya besi yochita kupangitsa, osati ya m'shopu, ndipo izilira mpaka abale athu a ku Mozambique azimva. Apo sipovuta, poti pa Lizulu munthu ukayetsemula, wokuuza pepani amakhala ali tsidya la M1, dziko lina. Chandilembetsa kalata ndi mfundo ya asungichuma, yoti mmisiri adzazemo mapikapu ambiri ndithu kuti ndalama ya mpingo ioneke pomwe yapita. Mukawauze mwaulemu kuti pa besi sitipempha basera.

Paja Loweruka ndimagwira ganyu kwa mmisiri wina wopanga magitala. Yanga ndi sandipepa ndi tsache, koma makutu sanandiuze kuti ndiziwasiya pageti, ndiye mverani.

Pikapu ndi kamaginito kokulungidwa ndi waya wa kopa woonda kwambiri. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pake, m'wayamo mumayenda timagetsi tochepa, ndipo ndi timeneto timene ampu imakuza. Kachipangizoka kali ngati mneba wamiseche: kamaulutsa zokhazo zochitika pakhomo pake. Choncho nkhani yagona pa malo amene mwakakhazika.

Kabwerekeni babatoni kwa anyamata a pamsika, mukoke nsambo yake n'kuyang'anitsitsa. Pakati ikutaya thupi uku ndi uku, koma kumapeto kumene yamangidwa ikungotetemera pang'ono. Pa besi ndi chimodzimodzi. Nsambo imatalika mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, kuchokera kumutu kufika pa bridge, chitsulo chija imamangidwapo kumunsi. Pikapu yokhala cha kukhosi kwa gitala ili pamene nsambo ikuvina kwambiri, ndiye imatulutsa mawu onenepa, akuya, ogunda pamtima. Yokhala pafupi ndi bridge imapeza kugwedera kochepa, mawu ake ndi oonda, akuthwa, olankhulira m'mphuno, koma kanoti kalikonse kamamveka pakokha. Ngakhale chala chimachita zomwezo: imbirani pafupi ndi khosi, kenako pafupi ndi bridge, mumva ngati mwasintha gitala.

Zimenezitu azungu anazisinkha kalekale. Leo Fender wa ku California anatulutsa Precision Bass mu 1951, ndipo kuyambira 1957 inkabwera ndi pikapu imodzi yogawika pawiri, yokhala pakatikati pa thupi. Imodzi yokha, asungichuma amve bwino, ndipo ndi besi yamtunduwu imene James Jamerson anaimbira nyimbo za Motown zimene dziko lonse linavina. Mu 1960 kunabwera Jazz Bass ya mapikapu awiri oonda, ina cha kukhosi, ina cha ku bridge. Jaco Pastorius ankakonda yakumbuyoyo, n'chifukwa chake besi yake imamveka ngati ikung'ung'udza. Tsono m'ma 1970 a Fender anasuntha pikapu yakumbuyoyo ndi pafupifupi sentimita imodzi kupita ku bridge, ndipo mpaka lero makasitomala amabwera kwa abwana anga kudzatsutsana kuti yabwino ndi iti, yakale kapena yosunthidwa. Sentimita imodzi, achimwene! Ine ndinkayesa kuti okangana pa kamzere ndi ife tokha ndi amalume pa malire a dimba lija. Mu 1976 Music Man inatulutsa StingRay, pikapu imodzi yaikulu yopendekera ku bridge, ndi batire ya mavoti 9 mkati. Ija imaluma.

Ndiye funso loti komiti ikhalire pansi ndi lakuti kwaya yathu imaimba zotani. Ngati ndi zija zodekha, zoyenda ngati rege ya ku Balaka ya Alleluya Band kapena ya ku Chileka ya Black Missionaries, besi iyenera kukhala pansi, yolemera, ndipo pikapu ya pakati ikwanira, mutangochepetsako batani la toni. Koma ndamva kuti mphwathu uja mwamuika pa besi akudziyesa Alick Macheso, katswiri wa sungura wa ku Zimbabwe amene makolo ake ndi ochokera kwathu komwe. Ngati zala zake zikuthamanga choncho, pikapu ya kukhosi imumiza, manoti onse asanduka phokoso limodzi. Iyeyo akufunika ya ku bridge. Mumuuzenso amvere Bakithi Kumalo wa kuno, amene anaimba besi mu chimbale cha Paul Simon chotchedwa Graceland mu 1986, aone kuti kuthamanga n'kwina, kumveka n'kwina.

Palinso nkhani ya sipika yathu ija yomanga ndi mphira. Nsambo yaikulu ya besi, ya E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi. Kasipika kakang'ono mawu akuya chotero sikawatha, kamangopuma mphepo, malata a tchalitchi n'kumachita phokoso, amayi a mvano n'kumayang'ana kudenga ngati kwagwa matalala. Chimene khutu limagwira pa sipika yotere, makamaka pabwalo la ukwati, ndi mawu apakati. Ndiye musaumirire kuti pikapu ikankhidwire kukhosi kwenikweni poganiza kuti kulemera n'kumene kumafika patali.

Maganizo anga ndi awa: tiike ziwiri. Yogawika ija ya Precision ikhale pakati, yoonda ya Jazz ikhale cha ku bridge. Oimba amati PJ. Iliyonse ikhale ndi batani lake la voliyumu, lachitatu la toni. Pa nyimbo ya chopereka atsegule ya pakati, pa kolasi yovina awonjezere yakumbuyo. Mumuchenjeze mnyamatayo kuti yoondayo akaitsegula yokha imatola kulira kwa magetsi, kuja kwa mmmm, makamaka mawaya akakhala osokonekera pafupi ndi jenereta. Yogawikayo ilibe vutoli chifukwa zigawo zake ziwiri zimafafanizirana phokosolo. Za batire ndakana. Ndikuwadziwa anthu a kwathu, idzatha pa Pepa Sande abusa ali pakati poitana masiteji, ndipo ya mavoti 9 simungaipeze pa benchi ya tomato.

Inunso achimwene, ndi sikuludiraiva yanu ija munaphera wailesi ya bambo, musadzakweze mapikapu kuti ayandikire nsambo ati ilire kwambiri. Maginito akayandikira mopitirira amakoka nsambo, mawu amafa msanga ndipo amamveka ngati gitala sinachunidwe.

Komiti iyankhe mwezi uno usanathe. Thabwa ladulidwa kale, likungodikira makina oboolera, ndipo dzenje la pikapu likakumbidwa silisamuka ngakhale mutaitanitsa msonkhano wina. Musanditumizire mavoisi asanu otsutsana pa WhatsApp monga munachitira pa nkhani ya yunifolomu. Mlembi alembe chimodzi, apampando asaine, mujambule.

Ikatha ndidzaipatsira wa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Mudzaichingamire nokha pa boda ya Dedza, ndipo mu minibasi mudzaikhazike pamiyendo, asaiponye kumbuyo pansi pa matumba a kabichi. Amayi muwauze kuti bulangete lawo lidzabwera litakulunga gitalayo, asadzadabwe likamanunkha vanishi.

Moni kwa onse kumudzi, ndi kwa asungichuma mwapadera.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni